Ndemanga pa bokosi la zigoba za nautiloid zophunzitsira m'kalasi

Katundu amene ndikumuunika pano ndi bokosi la zifanizo za zigoba za nyama za m'nyanja zamchere zotchedwa nautiloid, limene sukulu yathu ya sekondale yoyendera kuno ku Dedza inagula kuti lizithandiza pa phunziro la Biology la Fomu 4, pa mutu wa kusintha kwa zamoyo m'kupita kwa nthawi. Linachokera kwa wogulitsa zipangizo za sukulu wa ku South Africa, ndipo ndalama yake inatuluka m'thumba la makolo, choncho ndikuona kuti ndi udindo wanga kunena mosabisa ngati ndalamayo inagwira ntchito yoyenera. Ndinene pachiyambi pomwe kuti zigobazo anaziumba mwaluso ndipo n'zoyenera kugula, koma tchati chimene chimabwera nazo chimafotokoza mbiri ya nyamazi molakwika, mwakuti mphunzitsi amene angachipachike pakhoma osachifufuza adzaphunzitsa ana chinthu chimene zigoba zomwezo zikuchitsutsa.

M'bokosimo muli zinthu 10. Zisanu ndi zinayi n'zoumba ndi pulasitiki yolimba ndi yolemera, yopakidwa utoto wofanana ndi mwala, ndipo chimodzi ndi mwala weniweni wakuda wopalidwa bwino. Chilichonse chili ndi malo akeake m'siponji, ndipo pansi pake anamatapo kapepala ka dzina la nyamayo ndi nyengo imene inkakhala. Pamwamba pa zonsezo pali tchati chopinda ndi kabuku ka masamba ochepa, zonse za m'Chingerezi.

Chifukwa chimene tinafunira bokosi lotere n'chodziwika kwa mphunzitsi aliyense wa chigawo chino. Miyala ya phiri la Dedza, ya Chongoni ndi ya m'mapiri otsikira ku Ntcheu ndi yakale kwambiri, ya mtundu wa gneiss ndi granite ndi ina yofanana nayo, imene inapangika pansi penipeni pa kutentha kwakukulu, ndipo m'miyala yotere simupezeka zotsalira za zamoyo zosanduka mwala. Mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus ali ku Karonga, ulendo umene sukulu ngati yathu singaukwanitse, ndipo ngakhale mwana atakafika kumeneko sakapezako zigoba za m'nyanja yamchere za zaka 450 miliyoni zapitazo. Zotsatira zake n'zakuti ophunzira athu amalemba mayeso a MANEB za umboni wa kusintha kwa zamoyo atangoona chojambula chimodzi chofiira m'buku limene akubwerekana anthu anayi.

Chigoba chimene ndimayambira nthawi zonse ndi cha Nautilus pompilius, nyama imene idakalipo lero m'nyanja za Indian ndi Pacific, kufupi ndi Philippines, Fiji, Papua New Guinea ndi kumpoto kwa Australia. Wopanga anachita bwino kuchidula pakati, chifukwa nkhani yonse ya nyamazi ili m'kati mwa chigoba osati kunja kwake. Nyamayi ndi m'bale wa octopus ndi squid, ili ndi timikono tofewa pafupifupi 90, ndipo imayenda potulutsa madzi mwamphamvu kudzera pa kampopi ka mnofu. Thupi lake limakhala m'chipinda chachikulu chakukamwa kwa chigoba basi. Kumbuyo kwake kuli tizipinda tina pafupifupi 30 totsekedwa ndi timakoma, timene nyamayo inkamanga kamodzikamodzi ikamakula ndi kusunthira kutsogolo. Pakati pa timakoma tonseto pamadutsa kachubu kamoyo kotchedwa siphuncle, kamene kamachotsa mchere m'madzi otsalira m'kachipinda katsopano kuti madziwo atsatire mcherewo n'kulowa m'magazi, ndipo malo awo amatengedwa ndi mpweya. Ndi mpweya umenewu umene umachititsa kuti nyama yonyamula chigoba cholemera isamire ndiponso isayandame pamwamba. Pa chifanizo chathu timakoma tonse tikuoneka bwino, ndipo ngakhale timikombero tating'ono tozungulira pamene kachubu kamadutsa anatiumba mwakuti mwana akhoza kutikhudza ndi nsonga ya pensulo. Pamenepa wopanga ndikumuyamikira ndi mtima wonse, chifukwa mwana amene wamvetsa chigoba ichi amamvetsa zina zonse mosavuta.

Funso limene bokosili limayankha bwino, ngati mphunzitsi alitsogolera, ndi lakuti nyama yonyamula mpweya kumbuyo ndi thupi lolemera kutsogolo imakhala bwanji m'madzi, ndipo maonekedwe onse osiyanasiyana a zigobazi ndi mayankho osiyana a funso limodzi lomweli. Chakale koposa m'bokosimo ndi Plectronoceras, cha kumapeto kwa nyengo ya Cambrian, zaka pafupifupi 490 miliyoni zapitazo, chimene chinapezeka kumpoto kwa China. Ndi kachigoba kokhota pang'ono, ka timakoma tothithikana, ndipo kachubu kake kali m'mphepete. Apa ndi pamene pali vuto loyamba la katunduyu. Chifanizocho n'chachikulu modzaza chikhatho, pamene nyama yeniyeniyo inali yaing'ono kwambiri, yosapitirira masentimita ochepa, ndipo palibe paliponse pamene wopanga analemba kuti anachikulitsa. Cholakwika chomwechi chili pa Endoceras, koma mobwerera m'mbuyo, pakuti icho anachichepetsa. Mwana akaziika ziwirizi pa desiki amaganiza kuti zinali zofanana msinkhu, pamene akatswiri amayerekeza kuti zigoba zazikulu koposa za gulu la Endoceras zinkapitirira mamita 5. Kuti ana aone kusiyanako ndinawatulutsa panja n'kuyeza mamita 5 pakhonde la kalasi ndi choko, ndipo kumapeto kwa mzerewo tinaikako njere ya nyemba kuimira Plectronoceras. Kulemba muyeso pa kapepala kalikonse sikukanamudyera wopanga ndalama ina iliyonse, ndipo kusowa kwake ndi kusasamala kumene sindingakupeputse.

Pa zigoba zowongoka bokosili ndi lolemera, ndipo m'pake, chifukwa m'nyengo ya Ordovician, imene inayamba zaka 485 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 444 miliyoni zapitazo, nyamazi zinachuluka mitundu mofulumira n'kukhala m'gulu la zilombo zolusa zazikulu za m'nyanja, nsomba za nsagwada zisanafale. Chigoba chowongoka chimafanana ndi nsungwi yong'ambidwa pakati, ya mfundo zotseka m'kati, kungoti chimasongoka kumapeto kumodzi. Tinayesadi ndi kachidutswa ka nsungwi mu ndowa ya madzi, titamangirira mwala kumapeto kumodzi kuimira thupi la nyama, ndipo kanaima chilili, mwala pansi, mbali ya mpweya m'mwamba. Titamangirira kamwala kena kumapeto kwinako kanayamba kupendekeka n'kugona. Zimenezi n'zimene zigoba zodulidwa za m'bokosimo zikuonetsa. Mu Endoceras kachubu si kachubu konse koma ndi mphako yaikulu, ndipo kunsonga kwake kunkadzaza ndi laimu woikidwa m'magawo osongoka olowana. Mu Actinoceras kachubu kamafufuma pakati pa khoma lililonse ndi linzake, ndipo m'kati mwake muli laimu wambiri. M'magulu ena laimuyo ankaunjikana m'tizipinda momwemo. Kwa nthawi yaitali akatswiri akhala akunena kuti laimu ameneyu ankalemeretsa nsonga kuti nyamayo igone chopingasa posambira, ngakhale kuti ena amene ayesa nkhaniyi ndi zifanizo za pa kompyuta akuti zambiri mwa nyamazi zinkakhalabe choimirira, mutu pansi, n'kumakwera ndi kutsika m'madzi. Kabuku ka m'bokosi kamangotchula ganizo loyambalo ngati kuti nkhani inatha kale, chonsecho ana a Fomu 4 amapindula kwambiri akaona kuti umboni umodzi ukhoza kuwerengedwa m'njira ziwiri.

Mwala weniweni uja ndi umene ana amaukonda koposa, ndipo ine ndemwe ndimaukonda. Ndi wakuda bii, wozizira m'manja, wosalala mbali imodzi, ndipo m'kati mwake muli zigoba zitatu zoyera zowongoka zoloza mbali imodzi, timakoma take tikuoneka ngati mizere yopingasa, ndipo m'chimodzi kachubu kakuoneka kuyambira kukamwa mpaka pafupi ndi nsonga. Mtsikana wina atauzungulitsa m'manja kwa nthawi anafunsa chifukwa chimene zonse zitatu zikulozera kumodzi, ndipo funso limeneli linatitengera ku nkhani ya madzi oyenda pansi pa nyanja amene amagoneka zigoba zakufa motsatira kumene akulowera. Palibe chifanizo cha pulasitiki chimene chikanabala funso lotere. Komabe kapepala kake kalembedwa kuti Orthoceras, Ordovician, Morocco, ndipo apa pali zosokonekera. Miyala yakuda ya laimu imene imakumbidwa kufupi ndi Erfoud ku Morocco n'kugulitsidwa padziko lonse ndi dzina limeneli ndi ya nyengo za Silurian ndi Devonian, zimene zinatsatira Ordovician, ndipo nyama zake ndi abale chabe a Orthoceras. Orthoceras weniweni ndi wa m'miyala ya Ordovician ya ku Sweden, Estonia ndi maiko oyandikana nawo. Amalonda anazolowera kutchula chigoba chilichonse chowongoka ndi dzina limodzili, koma wogulitsa zipangizo za sukulu sayenera kutengera chizolowezi cha pa msika, makamaka pamene cholinga chonse cha bokosi ndi kuika chinthu chilichonse pa nthawi yake.

Tsopano ndifike pa tchati, chimene ndi nkhani yaikulu ya ndemanga ino. Tchaticho chaika zigoba pa mzere umodzi wokwera kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndi mivi pakati pake: choyamba chowongoka, kenako chokhota, kenako Lituites chimene n'chodzikulunga theka, kenako chodzikulunga motayana, ndipo pamwamba penipeni Nautilus wa lero. Uthenga wake ndi wakuti chigoba chinayamba chowongoka n'kumapindika pang'onopang'ono m'zaka mamiliyoni mpaka chinafika pa maonekedwe abwino koposa. Chithunzichi n'chokongola ndiponso chosavuta kuloweza, ndipo n'chifukwa chake chili choopsa, pakuti mwana akachiona kamodzi sachiiwala. Koma timapepala ta pansi pa zigoba zomwezo tikunena zina. Kuti mzerewo uwongoke, wojambula anachita kuchotsa Plectronoceras pamalo pake oyamba n'kumuika pambuyo pa zowongoka chifukwa choti ndi wokhota, chonsecho iye ndiye wakale kuposa onse. Estonioceras, chigoba chodzikulunga cha gulu la Tarphycerida chimene chaikidwa pafupi ndi pamwamba, ndi cha Ordovician, nyengo yomweyo ya Endoceras amene ali pansi pa mzere. Gulu limeneli linali litayamba kale kukulunga zigoba zaka zoposa 470 miliyoni zapitazo, ndipo zigoba zowongoka sizinathe chifukwa cha zimenezo, koma zinapitirira kukhalapo mpaka m'nyengo ya Triassic, imene inatha zaka 201 miliyoni zapitazo. Kunena kwina, zowongoka ndi zodzikulunga zinasambira m'nyanja zomwezo kwa zaka zoposa 250 miliyoni, nthawi yotalika kuposa imene yadutsa kuchokera pamene ma dinosaur oyamba anaoneka kufika lero.

Lituites ndiye amene walakwiridwa kwambiri pa tchaticho. Chifanizo chake n'chokongola: kumapeto kuli kagawo kakang'ono kodzikulunga mothina, ndipo kuchokera pamenepo chigoba chimatambasuka n'kupita chowongoka mpaka kukamwa. Tchati chikumutenga ngati nyama imene inali pakati pa ulendo wochoka ku kuwongoka kupita ku kudzikulunga. Koma chigoba chimakula kuchokera kunsonga kupita kukamwa, choncho mbali yodzikulungayo ndi ya ubwana wa nyamayo ndipo yowongokayo ndi ya ukulu wake. Nyamayi inkayamba moyo ili yodzikulunga n'kumawongoka ikamakula, zimene zikusemphana ndi kumene muvi wa pa tchati ukuloza. Ndikawapatsa ana chigobachi ndimawafunsa kuti aloze pamene nyamayo inayambira kumanga, ndipo akangopapeza amaona okha kuti muviwo sukugwirizana ndi chimene chili m'manja mwawo. Pa zonse za m'bokosimo palibe chimene chimaphunzitsa kuwerenga umboni kuposa ichi, ngakhale kuti wopanga sanalinge kutero.

Palinso Phragmoceras, wa nyengo ya Silurian, amene tchati chamusiya pambali pa mzere popanda muvi uliwonse, ngati kuti wojambula anasowa pomuika. Ndi chigoba chachifupi, chonenepa, chokhota, ndipo kukamwa kwake, m'malo motseguka, kumapanikizika n'kutsala kampata kopapatiza kotakasuka kumapeto onse awiri, kwina kotulukira timikono, kwina kotulukira kampopi ka madzi. Zigoba zotere zimapezeka zambiri pa chilumba cha Gotland ku Sweden ndi ku Bohemia, kumene Joachim Barrande, katswiri wa ku France amene anakhazikika ku Prague n'kumwalira mu 1883, anafotokoza mitundu yambirimbiri ya nyamazi. Nyama yotere inkayenda pang'onopang'ono pafupi ndi pansi pa nyanja, ndipo kukamwa kopanikizikako kuyenera kuti kunkaiteteza kwa adani. Sinali pa ulendo wopita ku Nautilus, koma inali ndi njira yakeyake yokhalira moyo, ndipo magulu a zigoba zazifupi zotere anakhalapo kwa zaka mamiliyoni ambiri. Kunalinso gulu lina lodabwitsa la Ascocerida, limene m'bokosimo mulibe, limene linkathothola mbali yakale yowongoka ya chigoba likakula n'kutsala ndi mbali yofufuma yokha.

Mbiri yoona, imene zigobazi zimaionetsa zikaikidwa motsatira zaka zake, ndi yakuti maonekedwe anachuluka msanga kwambiri m'nyengo za Ordovician ndi Silurian, kenako anayamba kuchepa, gulu ndi gulu likutha, mpaka panatsala mtundu umodzi wa chigoba. Gulu la Nautilida, kumene Nautilus wa lero akuchokera, linaoneka m'nyengo ya Devonian, imene inayamba zaka 419 miliyoni zapitazo. M'nyengo yomweyo nsomba za nsagwada zinachuluka, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti zimenezi zinakomera zigoba zodzikulunga. Chigoba chotere chimaika mpweya pamwamba pa thupi mwachibadwa, choncho nyama imakhazikika popanda kusenza laimu wolemeretsa, imatembenuka msanga pamalo amodzi, ndipo ilibe nsonga yaitali yoti mdani n'kuithyola. Ubwino umenewu ndi weniweni, ndipo kabuku kakuufotokoza molondola. Chimene kakulephera kunena n'chakuti kudzikulunga kunayamba kangapo m'magulu osiyana. Mwachitsanzo, ma ammonoid, abale ena a nyamazi amene anatha kale, gulu limene muli ma ammonite, anachokera ku timagulu ta zigoba zowongoka totchedwa bactritid kumayambiriro kwa Devonian, n'kukulunga zigoba zawo paokha, Tarphycerida atachita kale zomwezo zaka mamiliyoni ambiri m'mbuyomo.

Pakati pa Silurian ndi Jurassic bokosili lili ndi mpata waukulu umene ndikuudandaula. Mulibe chigoba chilichonse cha nyengo za Carboniferous ndi Permian, pamene ma nautilid odzikulunga, a gulu lija la Nautilida, anali ndi maonekedwe ambiri, ena a nthiti, ena a timabampu, ena a mbali zaphwatalala, ndipo ena ngati Cooperoceras wa m'miyala ya Permian ku Texas anali ndi minga italiitali. Mwana akadumpha kuchoka pa Phragmoceras kufika pa Cenoceras, chigoba chodzikulunga cha m'bokosimo cha nyengo ya Jurassic, amaganiza kuti chigoba chodzikulunga chakhala chosalala nthawi zonse. Mulibenso ammonite ngakhale mmodzi woyerekezera, chonsecho kusiyana kwa magulu awiriwa ndi chinthu chimene chimaoneka ndi maso: mwa nautiloid mizere ya pamene timakoma timakumana ndi khoma lakunja ndi yosavuta, yongokhota pang'ono, pamene mwa ammonite ndi yopindikapindika kwambiri, ndipo kachubu ka ammonite kamadutsa m'mphepete mwakunja pamene ka Nautilus kamadutsa chapakati.

Cenoceras ndi Aturia anaumbidwa bwino. Cenoceras ndi wofunika chifukwa akatswiri ambiri amati ndi iye amene anapulumuka kutha kwa zamoyo kwa kumapeto kwa Triassic, ndipo ma nautilid onse a pambuyo pake anachokera kwa iye. Aturia ndi wa posachedwa poyerekeza ndi anzake, wa pambuyo pa zaka 66 miliyoni zapitazo pamene ma ammonite anatheratu pamodzi ndi ma dinosaur, ndipo anafala m'nyanja zambiri mpaka m'nyengo ya Miocene. Chigoba chake n'chopyapyala m'mbali, ndipo mizere ya timakoma take ili ndi nsonga yakuthwa yobwerera m'mbuyo, imene wopanga anaipaka utoto wakuda kuti ioneke. Nayenso akutsutsa tchati mwa njira yake, chifukwa mizere yake ndi yovuta kuposa ya Nautilus, koma iye anatha ndipo Nautilus wa mizere yosavuta ndiye alipo. Za chifukwa chimene ma nautilid anapulumukira pamene ma ammonite anatha, kabuku kakupereka ganizo lodziwika bwino lakuti ma ammonite ankaswa tiana tating'ono kwambiri tokhala m'madzi a pamwamba, kumene chakudya chinasowa mwadzidzidzi, pamene ma nautilid amaikira mazira ochepa akuluakulu ndipo amadya pafupifupi chilichonse chimene apeza pansi, ngakhale zakufa. Ndime imeneyi ndi yolembedwa bwino koposa m'kabuku konse.

Pa kulimba kwake, zigobazo zapirira manja a ana ambiri ndipo chimodzi chinagwapo pa simenti osasweka. Utoto wa Estonioceras wayamba kufufuka m'mphepete mmene zala zimagwira kawirikawiri. Chofooka ndi chosungiramo, chimene ndi katoni wamba. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu ndi mvula yamawawa zimakuta Dedza kwa masiku, katoniyo inayamwa chinyontho m'chipinda chosungiramo zipangizo n'kufewa, ndipo timapepala ta maina tinayamba kumatuka. Popeza dzina ndi nyengo ya chigoba chilichonse zili pa kapepalako basi, timapepala tikasokonekera phindu la bokosi limachepa ndi theka. Tinapempha kalipentala wa pa msika kuti atikhomere kabokosi ka matabwa a paini kokhala ndi zigawo, ndipo manambala tinawalemba pa zigoba zenizenizo ndi penti, n'kusunga mndandanda wa maina m'kope. Amene akufuna kugula aikiretu ndalama ya zimenezi pa bajeti, chifukwa katoniyo ngakhale itapulumuka chinyontho siingapulumuke chiswe.

Mtengo wake ndi wokwera kwa sukulu yoyendera, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu mu November 2023, ndipo ndalama yonyamulira inatsala pang'ono kufanana ndi ya katundu mwiniwake. Wogulitsa anayankha mauthenga mwaulemu ndipo katundu anafika wosaphwanyika, koma nditamulembera za tchati ndi za dzina la mwala wa ku Morocco anangoti iye si amene amapanga, ndipo sanaonetse chidwi chofikitsa nkhaniyo kwa wopanga. Ndikuona kuti sukulu zoyandikana, monga za m'dera limodzi la maphunziro, zikhoza kusonkherana n'kugula bokosi limodzi lomabwerekana, popeza mutuwu umaphunzitsidwa kwa milungu yochepa pa chaka. Komanso Dedza ndi dera la oumba, ndipo dongo labwino silisowa cha ku Linthipe, choncho sukulu imene yabwereka bokosi ikhoza kuumbitsa zifanizo zake zadongo za maonekedwe akunja, n'kuwonjezapo zimene zikusowa monga chigoba cha minga chija. Zam'kati zodulidwa n'zimene zimavuta kuumba, ndipo ndi zimenezo zimene zimapangitsa bokosi logula kukhala lofunika.

Kwa aphunzitsi anzanga amene muligula, langizo langa ndi lakuti tchaticho musachipachike. Jambulani mzere wa nthawi pansi kapena pa matebulo olumikiza, sentimita imodzi iimire zaka miliyoni imodzi, kuti utalike pafupifupi mamita 5 kuchokera kumapeto kwa Cambrian kufika lero, ndipo ana aike chigoba chilichonse pamalo pake motsatira nyengo yolembedwa, mwala wa ku Morocco mutaukonzera kapepala kake. Adzaona okha kuti zigoba 7 mwa 10 zaunjikana m'mita yoyamba, zowongoka, zokhota, zonenepa ndi zodzikulunga zili phewa ndi phewa, ndipo mamita otsalawo ali ndi zigoba zitatu zokha, zonse zodzikulunga. Akatha kuona zimenezi mukhoza kutulutsa tchaticho n'kuwapempha kuti apeze zolakwika zake, ndipo pa ntchito imeneyi yokha chimathandiza.

Chomaliza chimene wogula ayenera kusamala nacho ndi chigoba cha Nautilus. Pa mndandanda wa wogulitsa panali mwayi wowonjezera ndalama kuti m'malo mwa chifanizo atumize chigoba chenicheni chodulidwa pakati, ndipo ife tinakana. Nyamayi imatenga zaka zoposa 10 kuti iyambe kubereka, imaikira mazira ochepa amene amatenga pafupifupi chaka kuti aswe, ndipo m'madera ena a Philippines yachepa kwambiri chifukwa chogwidwa kuti zigoba zake zigulitsidwe ngati zokongoletsera. Pa msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mitundu yonse ya Nautilus ndi m'bale wake Allonautilus inaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa panganolo, kutanthauza kuti chigoba chenicheni sichiyenera kuwoloka malire a dziko popanda chilolezo. Malawi ali m'panganoli, choncho sukulu imene ingaitanitse chigoba chotere popanda mapepala ikhoza kulandidwa katunduyo pa chipata cha Dedza pomwepa, ndipo chifanizo cha pulasitiki chimaonetsa timakoma ndi njira ya kachubu momveka mokwanira pa zonse zimene silabasi ikufuna.